Ndalama Yolembetsera Magazini a Zantchito: Imalowa Bwanji M'mabuku a Bizinesi ndi Pamsonkho?

Chaka cha ndalama chikamatha, pamakhala kalisiti kamodzi kamene kamakonda kuutsa mkangano pakati pa mwini bizinesi ndi wowerengera ndalama wake, ngakhale kuti ndalama yake sikhala yambiri n'komwe. Ndi lisiti la ndalama imene bizinesi inalipira kuti izilandira magazini ya zantchito kwa chaka chathunthu. Mwini bizinesi amati ndalamayo inatuluka kale ku banki, choncho yonse ichotsedwe pa phindu la chaka chimenecho. Wowerengera ndalama amangochotsapo gawo lochepa, n'kusiya yotsalayo pamodzi ndi chuma cha bizinesi ngati kuti ndalamayo ikadali m'thumba. Ikafika nthawi ya msonkho zinthu zimasokonekeratu, chifukwa malamulo a mayiko ena amagwirizana ndi mwini bizinesi uja pomwe ena amatsata wowerengera ndalama.

Gwero la chisokonezochi ndi lakuti lisiti limodzili limayankha mafunso awiri osiyana. Mabuku a ndalama amafuna kudziwa nthawi imene bizinesi yapinduladi ndi chimene inalipira. Otolera msonkho amayamba n'kufunsa cholinga cha ndalamayo, ndipo za nthawi amazifunsa pambuyo, motsatira malamulo awoawo. Munthu akasakaniza mafunso awiriwa, amaona ngati wina akulakwitsa, pamene aliyense akungoyankha funso lake.

Magazini amene tikunena

Magazini a zantchito ndi amene amalembedwera anthu a ntchito imodzi kapena malonda amtundu umodzi, monga omanga nyumba, ogulitsa mankhwala, oyendetsa mahotela, akatswiri a zamalamulo kapena okonza magalimoto. Mumakhala nkhani za mitengo ya zipangizo, malamulo atsopano okhudza ntchitoyo, makina amene angotuluka kumene, ndiponso malonda a makampani ogulitsa zinthu zofunika pa ntchitoyo. Ena amabwera osindikizidwa papepala, ena amawerengedwa pa intaneti, ndipo ambiri masiku ano amagulitsidwa zonse ziwiri pamtengo umodzi. Chimene chimasiyanitsa kulembetsa ndi kugula kope limodzi n'chakuti wolembetsa amalipiriratu makope amene sanalembedwe n'komwe, ndipo nkhani yonseyi yagona pamenepo.

Kulipira n'kosiyana ndi kuwononga

Owerengera ndalama ali ndi mawu a Chingerezi akuti expense, amene m'nkhani ino tiziti ndalama zowonongedwa. Mawuwa sakutanthauza kusakaza, koma ndalama imene ntchito yake yatha ndipo palibenso chimene bizinesi ikuyembekezera kuchokera pa iyo. Lendi ya mwezi wathawu ndi ndalama yowonongedwa. Koma munthu akalipiriratu lendi ya miyezi isanu ndi umodzi, pa tsiku lolipiralo amakhala asanawononge kalikonse, chifukwa wangosinthanitsa ndalama ndi ufulu wokhala m'nyumbamo, ndipo ufuluwo umatha pang'onopang'ono mwezi uliwonse ukamadutsa. Kulembetsa magazini kumayenda chimodzimodzi.

Mfundo yolemba zinthu pa nthawi imene zachitika, osati pa nthawi imene ndalama yayenda, imatchedwa accrual. Ndi imene imafunika m'malamulo a kalembedwe ka mabuku a ndalama otchedwa IFRS, amene amakonzedwa ndi bungwe la IASB la ku London ndipo amatsatiridwa m'mayiko ambiri. Limodzi mwa malamulowa, lotchedwa IAS 1, limanena kuti malipoti onse a ndalama akonzedwe motsatira mfundoyi kupatulapo lipoti losonyeza kalowedwe ndi katulukidwe ka ndalama, ndipo lamulo la IFRS 18, limene lilowe m'malo mwake kuyambira mu 2027, silinasinthe zimenezi. Malamulo opepukirako a makampani ang'onoang'ono, amene anatuluka koyamba mu 2009, nawonso anamangidwa pamaziko omwewa.

Tiyerekeze kuti bizinesi imatseka mabuku pa 31 Disembala, ndipo pa 1 Okutobala yalipira 1,200 kuti izilandira magazini ya mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi. Mtundu wa ndalamayo ulibe kanthu pano. Mwezi uliwonse ukudya 100. Pofika tsiku lotseka mabuku, makope atatu okha ndi amene afika, kutanthauza kuti 300 ndiyo yawonongedwa ndipo ndi yomwe ichotsedwe pa phindu la chaka chimenecho. Ndalama ya 900 yotsalayo ikuimira makope 9 amene ofalitsa magazini adakali ndi udindo wowatumiza. Imeneyi imatchedwa prepayment, kutanthauza ndalama yolipiriratu, ndipo imakhala pa lipoti la chuma ndi ngongole, kumbali ya chuma.

Anthu ambiri zimawavuta kuvomereza kuti chinthu chosaoneka ndi maso chikhale chuma. Zimathandiza kuyang'ana mabuku a ofalitsa magaziniwo. Iwo akalandira 1,200 ija saloledwa kuiwerenga yonse ngati ndalama yomwe apeza, chifukwa lamulo la IFRS 15, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, limati ndalama yolandiridwa ntchito isanagwiridwe ndi ngongole kufikira ntchitoyo itagwiridwa. Choncho pa 31 Disembala, 900 imene ili chuma m'mabuku a wolembetsa ndi yomweyonso imene ili ngongole m'mabuku a ofalitsa.

Mmene zimalembedwera m'mabuku

Mabuku a ndalama amalembedwa mbali ziwiri pa chochitika chilichonse, njira imene Luca Pacioli anaifotokoza m'buku losindikizidwa ku Venice mu 1494, ngakhale kuti amalonda anali atayamba kale kuigwiritsa ntchito. Mbali yakumanzere imatchedwa debit, yakumanja credit, ndipo ziwirizi zimayenera kufanana nthawi zonse. Pa 1 Okutobala, wowerengera ndalama amalemba 1,200 kumanzere mu akaunti ya zolipiriratu ndi 1,200 kumanja mu akaunti ya banki. Phindu silinakhudzidwe, ndalama yangochoka m'thumba lina kupita m'thumba lina. Pakutha pa mwezi uliwonse, amalemba 100 kumanzere mu akaunti ya zowonongedwa pa magazini ndi 100 kumanja mu akaunti ya zolipiriratu, mpaka akauntiyo itauma pakutha pa Seputembala wa chaka chotsatira.

Ena amadutsira njira yachidule. Amalemba 1,200 yonse ngati yowonongedwa pa tsiku lolipira, kenako potseka chaka amabwezako 900 kuiika ku zolipiriratu, n'kudzaibwezeranso ku zowonongedwa chaka chatsopano chikayamba. Lipoti la pachaka limatuluka chimodzimodzi, kungoti malipoti a mwezi ndi mwezi amasonyeza Okutobala ngati mwezi wodula kuposa mmene unalili. Vuto lenileni la njira imeneyi ndi kuiwala: munthu akapanda kubweza 900 ija m'chaka chatsopano, imatha kukhala pa lipoti la chuma kwa zaka, ikuimira magazini amene anafika, anawerengedwa n'kutayidwa kalekale.

Ngati bizinesi yalipiriratu zaka ziwiri, tinene 2,400, pa 31 Disembala yowonongedwa ikhalabe 300 ndipo yotsala ndi 2,100. Pa ndalama imeneyi, 1,200 idzatha m'miyezi 12 yotsatira ndipo ndi chuma cha nthawi yochepa, pomwe 900 ndi ya mtsogolo kupitirira pamenepo ndipo kawirikawiri imaikidwa m'gulu la chuma cha nthawi yaitali. Palinso funso la muyezo wogawira ndalamayo. Magazini yosindikizidwa imene imatuluka kanayi pachaka ingagawidwe potengera makope amene afika, pamene ufulu wowerenga pa intaneti, umene umakhalapo tsiku lililonse, umagawidwa potengera masiku kapena miyezi. Chofunika n'chakuti bizinesi isankhe muyezo wogwirizana ndi mmene imapindulira, ndipo isamausinthesinthe chaka ndi chaka.

Makope amene afika kale saikidwa m'gulu la katundu wokhalitsa ngati makina kapena mipando, ngakhale atasungidwa bwino pashelefu, chifukwa phindu la nkhani zake limatha msanga. Sakhalanso katundu wogulitsa, pokhapokha ngati ntchito ya bizinesiyo ndi kugulitsa magazini.

Kodi ndalama yochepa chonchi n'kuvutikira?

Nthawi zambiri ayi, ndipo malamulo enieniwo amavomereza zimenezi. Pali mfundo yotchedwa materiality, imene imati chinthu n'chofunika kuchisamala mwapadera ngati kuchisiya kapena kuchilemba molakwika kungasinthe maganizo a munthu wodalira malipotiwo, monga banki yobwereketsa ndalama kapena wofuna kugula masheya. Kampani yaikulu ikalemba ndalama yonse ya magazini imodzi ngati yowonongedwa pa tsiku lolipira, palibe amene angasochere. N'chifukwa chake makampani ambiri amadziikira malire, n'kunena kuti zolipiriratu zosafika pa ndalama yakutiyakuti sizigawidwa. Malire amenewa ayenera kulembedwa ndi kutsatiridwa mofanana, osati kukumbukiridwa chaka chokhacho chimene bizinesi ikufuna phindu lioneke lochepa. Tisaiwalenso kuti kampani ya maloya kapena ya kafukufuku, imene imalembetsa magazini ambirimbiri ndi nkhokwe za pa intaneti, ingapeze kuti timalisiti tating'onoting'ono tija tikaphatikizidwa tapanga ndalama yoti sizingatheke kuinyalanyaza.

Mabizinesi ang'onoang'ono m'mayiko ena amaloledwa kutsata ndalama zolowa ndi zotuluka basi. Ku United Kingdom, mwachitsanzo, kuyambira mu Epulo 2024 njira imeneyi ndi imene anthu ochita bizinesi paokha amayambira powerengera msonkho, pokhapokha atasankha ina. Kwa oterowo, maganizo a mwini bizinesi uja ndi olondola: ndalama ikatuluka, yawerengedwa.

Funso la otolera msonkho

Msonkho wa bizinesi umawerengedwa pa phindu, choncho chilichonse chochotsedwa pa phindu chimachepetsa msonkho, ndipo n'chifukwa chake malamulo amasefa zoyenera kuchotsedwa. Mawu a sefayo amasiyana dziko ndi dziko. Malamulo a ku United Kingdom amafuna kuti ndalamayo ikhale yogwiritsidwa ntchito kotheratu pa zolinga za bizinesi popanda cholinga china chosakanikirana nazo. Gawo 162 la malamulo a msonkho a ku United States limafuna kuti ikhale ndalama yozolowereka ndiponso yofunika pa ntchito ya mtundu umenewo. Mayiko ena amafunsa ngati ndalamayo inagwiritsidwa ntchito pofuna kupeza ndalama zimene zikudulidwa msonkho. Onsewa akufunafuna chinthu chimodzi, chomwe ndi ubale woonekeratu pakati pa magaziniyo ndi ntchito imene imabweretsa ndalama.

Magazini yeniyeni ya zantchito imadutsa pa sefayi mosavuta. Kampani yomanga ikalembetsa magazini ya zomangamanga, palibe chofotokozera. Mafunso amayamba magaziniyo ikakhala yoti munthu aliyense angaiwerenge pongosangalala. Mwini kampani yomangayo akalembetsa magazini ya masewera chifukwa amakonda mpira, kulipirira ku akaunti ya kampani sikusandutsa magaziniyo kukhala ya ntchito. M'mabuku, ndalama yoteroyo imalembedwa ngati imene mwini watapa pa zofuna zake, kapena, ngati ndi wolembedwa ntchito, ingawerengedwe ngati phindu lowonjezera pa malipiro ake, limene m'mayiko ambiri limadulidwa msonkho. Koma magazini yomweyo ya masewera ikaikidwa patebulo la pamalo odikirira kuti makasitomala aziwerenga, cholinga chake chasintha ndipo bizinesi ili ndi poyambira podziteteza.

Apa m'pamene tinthu ting'onoting'ono timalankhula. Woyendera mabuku akatenga kope limodzi, amayang'ana kapepala komata pachikuto kapena papulasitiki yokutira, pamene pamalembedwa dzina ndi adiresi. Likakhala dzina la kampani ndi adiresi ya ofesi, logwirizana ndi invoisi, nkhani imathera pomwepo. Likakhala dzina la mkazi kapena mwamuna wa mwini bizinesi ndi adiresi ya kunyumba, mafunso amachuluka ngakhale magaziniyo itakhala ya ntchito ndithu. Adiresi payokha sigamula mlandu, popeza anthu ambiri amagwirira ntchito kunyumba, koma imachititsa kuti bizinesi ikhale ndi zambiri zofotokoza. Chodabwitsa n'chakuti mulu wa makope osatsegula n'komwe, ali m'mapulasitiki awo pakona ya ofesi, sumalepheretsa kuchotsera, chifukwa lamulo limayang'ana cholinga cholipirira, osati khama la owerenga.

Nyuzipepala ndi magazini a nkhani zosiyanasiyana ali pakatikati. Wopereka uphungu wa zachuma angasonyeze kuti nyuzipepala ya zamalonda ndi chida chake cha tsiku ndi tsiku, koma n'zovuta kuti wokonza mapaipi anene zomwezo. Malamulo ena amalola kugawa ndalamayo n'kuchotsera gawo la ntchito lokha, pomwe ena amakana yonse ngati magawo awiriwo sangalekanitsidwe bwinobwino.

Wolembedwa ntchito amene walipira yekha magazini ya ntchito yake ali pamalo ovutirapo kuposa bizinesi. Ku United States, kuyambira mu 2018 antchito ambiri sachotseranso pa msonkho wa boma lalikulu ndalama za ntchito zimene abwana awo sanawabwezere. Ku United Kingdom, wantchito angachotsere ndalama ya umembala wa bungwe la akatswiri ngati bungwelo lili pa mndandanda wovomerezedwa ndi HMRC, bungwe lotolera msonkho la kumeneko, ndipo likukhudzana ndi ntchito yake. N'chifukwa chake mabwana ambiri amaona kuti n'chapafupi kulembetsa magaziniyo m'dzina la kampani, kapena kubwezera wantchito akabweretsa lisiti.

Nthawi yochotsera

Zikadziwika kuti ndalamayo ndi yololedwa, funso lotsatira ndi la chaka choichotsera. M'mayiko ambiri msonkho umayambira pa phindu la m'mabuku, choncho 300 ichotsedwa chaka chino ndipo 900 chaka chamawa. Mayiko ena anaika njira yopepukitsa. Ku United States kuli lamulo la miyezi 12, limene limalola kuti ndalama yolipiriratu isagawidwe ngati phindu lake silipitirira miyezi 12 kuchokera pamene layambira, komanso silipitirira mapeto a chaka cha msonkho chotsatira chaka cholipiracho, ngakhale kuti otsata accrual ali ndi mfundo zina zowonjezera zoti akwaniritse. Ku Australia kulinso lamulo lofananako la mabizinesi ang'onoang'ono. Kulembetsa kwa zaka ziwiri kapena zitatu sikulowa m'malamulo oterewa, ndipo kumagawidwa ndithu.

Mabuku ndi msonkho zikasiyana chonchi, pamabadwa chinthu chotchedwa deferred tax, kutanthauza msonkho wokankhidwira mtsogolo, chimene chimafotokozedwa m'lamulo la IAS 12. Tinene kuti msonkho ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo lamulo lalola kuchotsa 1,200 yonse chaka chino pamene mabuku achotsa 300. Bizinesi yalipira msonkho wochepa ndi 225 chaka chino, koma chaka chamawa mabuku akamadzachotsa 900 ija, pamsonkho padzakhala palibenso chochotsa. Choncho 225 imalembedwa ngati ngongole. Msonkho wonse wa zaka ziwirizo ndi womwewo ngati mlingo wake sunasinthe, ndipo chimene bizinesi yapindula ndi kuchedwetsa kulipira basi.

VAT ndi magazini a pa intaneti

VAT ndi msonkho woikidwa pamtengo wa katundu ndi ntchito, umene bizinesi yolembetsedwa imatolera kwa makasitomala n'kuchotsapo umene iyo yalipira pogula zinthu zoyendetsera ntchito. Ngati invoisi ya magazini ili ndi VAT ndipo bizinesi ili ndi ufulu wobwezeredwa msonkhowo, VAT imeneyo silowa mu akaunti ya zolipiriratu. Imapita ku akaunti yakeyake, ndipo kawirikawiri imabwezedwa potengera tsiku la invoisi kapena la kulipira, osadikira kuti makope onse afike. Ngati bizinesi sinalembetsedwe, kapena malonda ake ndi a m'gulu losakhudzidwa ndi VAT, msonkhowo umangokhala gawo la mtengo wa magaziniyo ndipo umagawidwa limodzi nawo.

Mayiko ambiri amapeputsa VAT pa zowerenga, koma kwa nthawi yaitali chifundo chimenechi chinali cha zosindikizidwa papepala zokha. Mu 2018 bungwe la European Union linalola mayiko ake kupeputsanso msonkho pa zowerenga za pa intaneti, ndipo ku United Kingdom, kumene magazini apapepala akhala ndi VAT ya 0, a pa intaneti anawafananitsa nawo kuyambira pa 1 Meyi 2020. Lamulo la kumeneko linapatula zofalitsa za pa intaneti zimene mbali yake yaikulu ndi kutsatsa malonda, mawu omvetsera kapena mavidiyo, mfundo imene imakhudza magazini a zantchito kuposa ena chifukwa ambiri amadzaza ndi zotsatsa. Choncho si bwino kungoganizira mlingo wa VAT, koma kuwerenga zimene invoisi yanena, makamaka pamene mtengo umodzi waphatikiza magazini, umembala wa bungwe ndi tikiti ya msonkhano wapachaka, zinthu zimene msonkho wake ungakhale wosiyana.

Magazini a pa intaneti ogulidwa kunja kwa dziko ali ndi msampha wawo. Invoisi imatha kubwera yopanda VAT, munthu n'kuganiza kuti palibe chochita, pamene malamulo a mayiko ambiri amapereka udindo wowerengera msonkhowo kwa bizinesi yogulayo, njira yotchedwa reverse charge. Bizinesi yokhala ndi ufulu wonse wobwezeredwa VAT imalemba msonkhowo ngati wolipira komanso ngati wobwezedwa pa fomu yomweyo, ndipo palibe ndalama imene imatuluka. Yopanda ufuluwo imalipiradi.

Ndalama zakunja ndi kulembetsa kothera panjira

Ndalama yolipiriratu ikakhala yakunja, imasinthidwa pamtengo wa tsiku lolipira ndipo imakhala choncho mpaka kutha. Siwerengedwanso potseka chaka ngakhale mtengo wa ndalamayo utasintha, chifukwa chimene bizinesi ikuyembekezera ndi makope, osati ndalama. Mfundoyi ili m'lamulo la IAS 21 ndipo inamveketsedwa bwino ndi chikalata chotanthauzira lamulolo chotchedwa IFRIC 22 kuyambira mu 2018.

Zinthu zimasintha bizinesi ikasiya kulembetsa nthawi isanathe. Ngati mgwirizano ukulola kubwezeredwa, ndalama yotsala imachoka ku zolipiriratu n'kukhala ngongole imene ofalitsa ayenera kubweza, ndipo ikakhala yakunja imayamba kutsata mtengo wa ndalama popeza tsopano chikuyembekezeredwa ndi ndalama. Ngati mgwirizano sulola kubwezeredwa ndipo makope asiya kubwera, kapena ofalitsawo atseka kampani popanda chiyembekezo choti abweza kanthu, ndalama yonse yotsalayo imalembedwa ngati yowonongedwa m'mwezi umene zimenezo zadziwika. Mu chitsanzo chathu chija, magaziniyo ikasiya kutuluka kumapeto kwa Malichi, makope 6 amakhala atafika, ndipo 600 yotsalayo imachoka pa lipoti la chuma nthawi imodzi n'kukachotsedwa pa phindu la chaka chimenecho.